Malumo awiri a m'thiranki ya agogo: ndiwanoletse, ndiwagulitse kapena ndiwasunge?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wa kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Alemba motere:

"Bambo, mwezi wathawu tikulongosola katundu wa malemu agogo aamuna tinapeza malumo awiri opinda m'thiranki yawo yachitsulo, atakulungidwa m'kansalu pamodzi ndi chiphaso chawo cha ku Joni. Loyamba lili ndi chogwirira choyera ngati mnyanga, ndipo pachitsulo padindidwa mawu oti 'Joseph Rodgers & Sons, Cutlers to His Majesty, Sheffield, England', palinso kanyenyezi ndi kamtanda. Lachiwiri lili ndi chithunzi cha mtengo ndi mawu oti 'Solingen, Germany'. Chogwirira chake ndi chachikasu, chapindika, chikutulutsa kafungo kowawasa, ndipo chitsulo chachita dzimbiri mbali imene imalowa mkati. Mnyamata wina wa pamsika akuti ndimugulitse onse awiri chifukwa azungu amawafuna. Mlamu wanga akuti ndisapusitsidwe, zinthu zotere n'za mamiliyoni. Ine ndimafuna ndikawanoletse kwa owotcherera kuti ndizimetera. Ndichite chiyani?"

Aphunzitsi, pepani ndi imfa ya agogo. Mwachita bwino kulemba musanawagwiritse munthu aliyense, chifukwa malumo ambiri amene amandifika amabwera atawonongeka kale ndi anthu ofuna kuwakonza. Mtima ukhale pansi, palibe chimene chatayika. Koma musanawerenge n'komwe zotsatirazi, dzukani mukasiyanitse malumo awiriwo. La Solingen mulitsegule, muliike palokha pamalo popita mphepo, kutali ndi moto ndiponso kutali ndi linzakelo. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku. Ulendo wa kwa owotcherera uja muuiwale.

Ndameta anthu pa Dedza boma zaka zoposa 30, ndipo malumo akale ndinayamba kuwatola ndili mnyamata, nditapatsidwa limodzi ndi mkulu amene anandiphunzitsa ntchito. Chimene ndaphunzira n'chakuti lumo limanena lokha mbiri yake ngati munthu ukudziwa poyang'ana. Poyang'ana pake ndi pakhosi, kachitsulo kosathwa kaja kamene zala zimagwira, pakati pa mpeni weniweni ndi msomali wopindira. Chogwirira chimanama, poti chimatha kusweka wina n'kuikapo china. Bokosi limanamanso, malumo amasinthana mabokosi ngati ana asinthana malaya. Chidindo cha pakhosi ndicho chinamenyedwa pachitsulo chisanaumitsidwe, ndiye chimakhala mpaka kale.

Tiyambe ndi loyeralo. Sheffield ndi mzinda wa ku England umene unatchuka ndi mipeni kuyambira kalekale. Bungwe la osula mipeni la kumeneko linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1624, ndipo ndilo linkalemba m'kaundula chizindikiro cha wosula aliyense. Kanyenyezi ndi kamtanda mwaonako kanalembetsedwa koyamba mu 1682, banja la Rodgers n'kudzakatenga m'zaka za m'ma 1700. Kampaniyi inakula kwambiri moti adiresi yake, No. 6 Norfolk Street, inkadindidwa pamipeni ngati dzina la mudzi wa mfumu. Ndiye lumo lanu ndi la nyumba yodziwika, pamenepo mlamu wanu sananame.

Za zaka zake, tiwerenge ngati mmene mumachitira ndi ana a sitandade 8, pang'onopang'ono. Mawu oti "Cutlers to His Majesty" akutanthauza osulira mipeni mfumu, ndipo "His" akuloza mfumu yaimuna. Victoria, mfumu yaikazi, analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Choncho lumo lotchula mfumu yaimuna liyenera kukhala la m'mbuyo mwa 1837, masiku a George IV ndi William IV, kapena la pambuyo pa 1901, pamene Edward VII analowa ufumu. Chimene chikudula mlandu ndi liwu loti "England". Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo la msonkho lotchedwa McKinley Tariff, ndipo kuyambira 1891 katundu wolowa kumeneko ankayenera kusonyeza dziko limene wachokera. Kale osula a ku Sheffield ankangodinda "Sheffield" basi, poti ndani sankadziwa kumene Sheffield ili? Lamulolo litabwera anayamba kuwonjezera "England". Mukaphatikiza ziwirizi, lumo lanu likugwa pakati pa 1901 ndi 1952, chaka chimene Elizabeth II analowa ufumu. Izi zikugwirizana bwino ndi munthu amene anali ndi chiphaso cha ku Joni.

Lamulo la 1891 limeneli otola malumo amalikonda mopitirira muyeso, ndiye ndikuchenjezeni. Linali la katundu wopita ku America. Lumo lopangidwira msika wa ku England komweko kapena wa kuno ku Africa silinkakakamizidwa. Kupezeka kwa liwu loti "England" kumasonyeza kuti lumo si lakale kuposa 1891, koma kusowa kwake sikutsimikizira kuti ndi lakale. Ndaonapo anthu akulumbira kuti lawo ndi la nthawi ya Livingstone chifukwa chongosowa liwu limodzili.

Lumo lakaledi limaoneka ndi thupi. Limakhala lolemera, lonenepa ngati mphero yong'ambira nkhuni, m'mbali mwake mosafukulidwa, kamchira kake kakafupi. Ena amakhala ndi kachisoti kachifumu ndi zilembo GR, WR kapena VR, zoimira mafumu George, William ndi Victoria, kapena mawu oti "Cast Steel", chitsulo chosungunulira m'miphika yadothi chimene Benjamin Huntsman anatulukira m'zaka za m'ma 1740. Mayina amene mungakumane nawo pa malumo olemerawa ndi monga Wade & Butcher, William Greaves & Sons, Frederick Reynolds, ndi George Wostenholm amene chizindikiro chake ndi kaliwo wosutira fodya kapena zilembo I*XL. Malumo a pambuyo pake ndi opepuka, ofukulidwa m'mbali mpaka kupyapyala ngati tsamba la nzimbe, ndipo mukalikhudza ndi chikhadabo limalira kuti ngwee. Kufukula kotereku kunafala pamene a C. Friedrich Ern a ku Wald, m'dera la Solingen, anabweretsa makina a miyala iwiri onola mbali zonse nthawi imodzi m'zaka za m'ma 1890. Kuyambira pamenepo Ajeremani anayamba kuwalanda msika Angerezi.

Apa ndiye tafika pa lachiwiri. Dzina la Solingen si lachilendo kwa ife ngakhale ambiri sitidziwa. Mpeni wa Okapi, umene mwamuna aliyense wa kuno ankayenda nawo m'thumba, unayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902, ndipo fakitale yake inasamukira ku South Africa mu 1988. Chithunzi cha mtengo nthawi zambiri ndi cha Böker, banja limene linayambira ku Remscheid, mmodzi wa iwo, Heinrich, n'kukatsegula fakitale ku Solingen mu 1869. Koma musathamange. Tembenuzani lumolo muone kuseri kwa khosi ngati palembedwa "H. Böker & Co." Ku Solingen kunali osula mazanamazana, aliyense ndi kachithunzi kake: ana amapasa a J. A. Henckels, mutu wa nyama yonga kambuku wa Puma, ndi ena osawerengeka. Ngati pali "West Germany" kapena "W. Germany", ndiye kuti ndi la pakati pa 1949 ndi 1990, pamene dzikolo linali logawika pawiri. "Germany" yekha, pa lumo looneka lakale chonchi, kawirikawiri amaloza ku zaka za pakati pa 1891 ndi nkhondo yachiwiri. Mzinda wa Solingen unaphulitsidwa ndi mabomba mu November 1944, mafakitale ambiri anapsa pamodzi ndi mabuku awo, n'chifukwa chake chaka chenicheni cha lumo la Chijeremani chimavuta kuposa cha la Chingerezi.

Pali msampha wina umene umakola ongoyamba kumene. Dzina lodindidwa si nthawi zonse limakhala la wopanga. Masitolo akuluakulu a ku Johannesburg, London kapena New York ankaitanitsa malumo ku Solingen n'kuwauza kuti adindepo dzina la sitolo. Ena ankalemba "Best Sheffield Steel" pa lumo losulidwa ndi kunoledwa ku Germany, poti chitsulo chokha ndicho chinachokera ku England. Mawu ngati "Extra Hollow Ground", "Magnetic" kapena "Silver Steel" si mayina a anthu, ndi mawu otsatsira malonda, ngati a mavenda a pa Lizulu oti kabichi wanga ndi wa lero. Ndipo masiku ano pali malumo atsopano otchipa, onyezimira, olembedwa "Solingen" ndi utoto wongopaka pamwamba. Chidindo chenicheni chimalowa m'chitsulo, chala chimachimva.

Kodi anafika bwanji m'thiranki ya ku Ntcheu? Njira zinali zingapo. Amuna opita ku migodi kudzera ku Wenela, ndi ena opita ku Salisbury ndi ku Wankie (lero Harare ndi Hwange, ku Zimbabwe), pobwerera ankagula zinthu zosonyeza kuti munthu wayenda: jekete, chipewa, galasi loyang'anira nkhope, njinga, ndi lumo. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa ndi boma la Kamuzu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndiye zambiri zotere zinalowa chisanafike chaka chimenecho. Ena ankagula kuno konkuno m'masitolo a Mandala, kampani ya ku Glasgow imene inayamba mu 1878, kapena kwa amwenye. Ena anapatsidwa ndi azungu amene ankawagwirira ntchito yophika, pamene bwana wasiya lumo n'kuyamba lezala. Kumbukirani kuti King C. Gillette analandira chilolezo cha lezala lake mu 1904, ndipo pofika nkhondo yachiwiri azungu ambiri anali atasiya lumo lopinda. Asilikali a Keyala nawonso anabwera ndi awo. Lumo la boma la Britain limakhala ndi kachizindikiro konga phazi la nkhuku, nthawi zina ndi nambala ya msilikali pachogwirira. Anthu amakonda kunena kuti chilichonse chakale chinachokera kwa ansembe a ku Mua kapena ku Nzama, koma mukaona zithunzi za ansembe oyamba aja ndi ndevu zofika pachifuwa, mudziwa kuti si iwo ankatha malumo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa agogo anu, mlendoyo anali iwo eni, pobwera kuchokera ku Joni.

Tsopano za ndalama, poti ndikudziwa kuti mlamu akudikira. Mamiliyoni palibe. Rodgers ndi Böker anapanga malumo ochuluka zedi, ndipo ku Ulaya ndi ku America adakalipo ambiri m'madirowa a anthu. Lumo wamba la mayina amenewa, lili bwinobwino, limagulidwa ndi madola makumi ochepa chabe. Amene amakwera mtengo ndi aakulu kwambiri, otambalala inchi yathunthu, a m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, kapena asanu ndi awiri a m'bokosi limodzi olembedwa masiku a sabata pamsana, kapena osagwiritsidwapo ntchito n'komwe. Kutambalala kwa lumo amakuyeza m'magawo asanu ndi atatu a inchi, ndipo ambiri ndi 5/8 kapena 6/8. Tengani rula ya kusukulu muyeze kuchokera pamsana kufika kokuthwa. Nkhani ya mamiliyoniyi ndi mphekesera yomwe ija ya simbi zamakala za tambala ndi makobidi obowola, yoti mkati muli mankhwala odula. Mulibe. Ndi chitsulo, kaboni pang'ono, ndi luso la munthu. Amene amabwera ndi nkhani zotere mapeto ake amakuuzani kuti mulipire kaye ndalama "yoyezetsera", ndipo simudzawaonanso. Koma mnyamata wa pamsikayo nayenso akupatsani ya sopo yokha. Pakati pa awiriwa, ine ndikanasunga.

Chogwirira choyeracho chikufunika kuchiyang'ana modekha, chifukwa pamenepa pali lamulo. Chingakhale mnyanga wa njovu, fupa, kapena pulasitiki wakale wotchedwa celluloid amene ankamupanga mofanizira mnyanga. Pitani nacho panja dzuwa lili bwino. Fupa limakhala ndi timadontho ndi timizere takuda, tinjira ta magazi timene tinadzaza litsiro. Celluloid wofanizira mnyanga amakhala ndi mizere yowongoka, yotalikirana mofanana ngati ya m'kope, yokongola mopitirira chilengedwe. Mnyanga weniweni umakhala wopyapyala kwambiri, wozizira ukaugunditsa patsaya, mizere yake yoyenda mokhotakhota, ndipo kawirikawiri misomali yake imakhomedwa popanda timawashala. A Rodgers ankagula minyanga yochuluka, ankaisunga m'chipinda chapansi pa fakitale yawo, ndipo yambiri inkachokera ku Africa, ndiye n'zotheka ndithu. Wina akakuuzani kuti muyese ndi singano yamoto, mukane. Ngati ndi mnyanga muusiyira chipsera, ngati ndi celluloid ayaka ngati petulo m'manja mwanu.

Chikapezeka kuti ndi mnyanga, musaligulitse, musalitumize kunja, ndipo musawoloke nalo pa chipata cha Dedza kapena cha Biriwiri ngakhale lili m'chikwama chometera. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pansi pa pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera lotchedwa CITES, ndipo lamulo lathu la nyama zakutchire, litakonzedwanso mu 2017, limafika mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ya njovu. Wapolisi wa pa rodibuloko sadzakhala ndi nthawi yowerenga chidindo cha mfumu Edward. Njira yabwino ndi kufunsa ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mutatenga chithunzi cha lumolo ndi chiphaso cha agogo, kuti akuuzeni zoyenera kuchita ndi chinthu chosiyiridwa chotere.

Lachikasulo ndilo likudwala, ndipo matenda ake ndi opatsirana. Celluloid anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1870, ndipo akakalamba amayamba kuwola yekha: amapindika, amachita timing'alu, ndipo amatulutsa mpweya wa asidi. Kafungo mukukamvako ndi kameneko. Mpweyawo ndi umene ukudya chitsulo, n'chifukwa chake dzimbiri lagwira mbali yokhayo yolowa mkati, kumsana kuli bwino. Ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Chaka china ndinatsekera malumo asanu ndi limodzi m'kachitini ka mabisiketi kuopa chinyezi cha mwezi wa June, poti mukudziwa nkhungu ya ku Dedza kuno imalowa mpaka m'sutikesi. Limodzi mwa iwo linali ndi chogwirira chowola. Potsegula mvula itayamba, onse anali ofiira ngati agwera m'dothi la katondo, ndipo awiri anali atadyeka kokuthwa moti sakanametanso. Mankhwala ake palibe. Chogwiriracho chiyenera kuchoka. Munthu wa manja abwino, wokonza mawotchi kapena magalasi a maso, akhoza kupala mutu wa msomali ndi tupa laling'ono n'kuchichotsa osakhudza chitsulo. Muchijambule kaye, kenako muchitaye kutali, osati pamoto. Chatsopano chikhoza kusemedwa ndi nyanga ya ng'ombe kapena mtengo wolimba wouma bwino, ndipo amisiri osema a ku Mua ntchito yotere sangaione yachilendo mukawapatsa muyeso.

Kutsuka chitsulo cha malumowa n'kosavuta, vuto ndi kudziletsa. Pukutani ndi kansalu kouma, donthezani mafuta a makina osokera, musiye usiku wonse, m'mawa mupukutenso. Dzimbiri lofiira lotuluka pamwamba mulichotse ndi waya wofewa kwambiri wotsukira mapoto mutamunyowetsa m'mafuta omwewo, mukuyenda kuchokera kumsana kupita kokuthwa, lumo litagona pathabwa. Madontho akuda osatuluka pamwamba muwasiye, ndi imvi zake. Osagwiritsa mchenga, phulusa, viniga, mandimu kapena Jik. Ngati pampeni pali zolemba zagolide kapena maluwa ojambulidwa, musapakepo polishi aliyense, zimachoka kamodzi kokha osabweranso.

Ndiye za owotcherera. Sindikunyoza ntchito yawo, chikwanje changa chimapita komweko. Koma lumo si chikwanje. Kokuthwa kwake n'kopyapyala kuposa pepala, ndipo mwala wamagetsi umatenthetsa chitsulo m'kuphethira kwa diso. Mukaona chasanduka chabuluu, ndiye kuti kuuma kumene wosula anakuika ndi moto ndi madzi kwathawa, ndipo sichidzagwiranso mano. Lumo langa loyamba lenileni, Wade & Butcher wolemera uja ndinapatsidwa ndi mphunzitsi wanga, ndinalipereka ndekha kwa mnyamata wina wa galainda ndili ndi zaka 22. Linabwera lowala ngati siliva, lafupika, dzina litafufutika theka. Ndimalisungabe kuti lizindichititsa manyazi.

Lumo limanoledwa ndi manja, pamwala wosalala ngati galasi, ndi madzi. Chinsinsi chake chili pamsana. Wosula anayeza kunenepa kwa msana molingana ndi kutambalala kwa mpeni, kotero kuti mukaligoneka pamwala, msana ndi kokuthwa zonse zitakhudza, ngodya yoyenera imabwera yokha. Simulidzutsa ngati mpeni wa kukhitchini. Pamwala, kokuthwa kumatsogola, ngati mukufuna kusenda mwalawo. Pofika kumapeto mumalitembenuzira pamsana n'kubwerera. Palamba wachikopa ndi mosemphana, msana ndiwo umatsogola, apo ayi mudula lamba. Ometa akale ankagwiritsa miyala yachikasu ya ku Belgium kapena yotuwa ya ku Thuringia, dera la ku Germany, ndipo ngati m'thirankimo muli kamwala kosalala m'kabokosi kamatabwa, musakataye, nthawi zina kamaposa lumo mtengo. Miyala ya makono imayenda ndi manambala, 1000 poyambira, 4000, kenako 8000 pomalizira. Mwala wa kumtsinje wonolera nkhwangwa ndi wokhakhala kwambiri. Kumene miyala yotere kulibe, pepala lakuda la madzi limene opaka magalimoto amagwiritsa, la nambala 1000 ndi 2000, mutalimata pagalasi lathyathyathya, limayambitsa ntchito, koma silifikitsa lumo pometa mosalala. Ngati simunanolepo, phunzirirani pa lumo lotchipa la pamsika, osati pa la agogo.

Musananole, yang'anani zinthu ziwiri. Yendetsani chikhadabo pang'onopang'ono m'mbali mwa kokuthwa, osati pamwamba pake, mukuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ndiye kuti lumo lapuma pantchito; limatha kuthyoka lili patsaya. Chachiwiri, onani msana. Ngati wadyeka n'kukhala ndi mzere wotambalala wathyathyathya, kapena pakati pa mpeni palowa mkati ngati chikwakwa, ndiye kuti agogo analigwiritsa ntchito mokwanira. Otola malumo amachotsera mtengo pa chimenecho. Ine ndimachiona mwina: ndi dzanja la mwini wake, Loweruka lililonse madzulo, kukonzekera ku tchalitchi. La Solingen ndikukayika ngati lingametenso, poti asidi amaboola timaenje kokuthwa, ndipo ukanola umangopeza ena pansi pake. La Rodgers, ngati lilibe mng'alu, likhoza kumeta inu ndi mwana wanu.

Mukafika pometa, lumo likhale la munthu mmodzi. Zaka zimene lakhala m'thiranki palibe kachilombo ka m'magazi a munthu kamene katsalapo, koma kuyambira tsiku loyamba kulikhudzitsa khungu lanu, lisabwerekedwe, ngakhale pa kumeta kwa pamaliro kumene lumo limodzi linkazungulira banja lonse. Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhala moyo sabata yathunthu m'magazi ouma pachitsulo, ndipo HIV nayonso imayenda ndi magazi. N'chifukwa chake ife m'nyumba zometera tinasiya malumo otere pa makasitomala, timagwiritsa chopanira lezala, aliyense lake latsopano. Pukutani mpeni ndi sipiriti musanayambe, koma asakhudze chogwirira, ndipo musaliwiritse. Nyowetsani ndevu ndi madzi ofunda ndi sopo wa thovu lambiri, kokani khungu ndi dzanja linalo, msana wa lumo utalikire tsaya pang'ono chabe, ndipo muyambe ndi masaya okha masiku oyamba, chibwano mumalize ndi Nacet wanu wa masiku onse. Ife a ndevu zopotana tisamete mobwerera kumene tsitsi likuchokera, ndi mmene timatulukira tizilonda ta pakhosi. Mukadzicheka mozama potsuka dzimbiri, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri, mupite kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za jakisoni wa kafumbata. Ngati muli ndi matenda a shuga kapena mumamwa mankhwala osungunula magazi, funsani adokotala musanayambe chizolowezi chimenechi. Ndipo likhale pamwamba, kumene ana safika.

Chinthu china ndikupempheni, poti mudakali m'kati molongosola katundu. Ngati mungapeze kalumo kachikuda, kachitsulo kathyathyathya kosapinda, kotambalala kumapeto ngati kakhasu kakang'ono, kosulidwa pachipala cha kumudzi, musakaponye m'zitsulo zogulitsa pa kilo. Timeneti ndi timene tinkameta anamwali ndi ofedwa Sheffield isanafike kuno, tilibe chidindo chilichonse, ndipo tikusowa kuposa a Rodgers, chifukwa palibe amene ankaganiza zotisunga. Ine m'zaka zonsezi ndapeza tiwiri tokha, kamodzi ku Kasumbu, kena kwa gogo wina wa ku Golomoti. Kotereko ndi koyenera kukaonetsa ku nyumba yosungira za chikhalidwe ya ku Mua kapena ku Museum ya ku Chichiri mu Blantyre.

Pakadali pano chitani ichi. Ikani kapepala kopyapyala pakhosi pa lumo lililonse, mbali zonse ziwiri, mukhwekhwereze ndi pensulo mpaka zilembo zituluke, ndipo munditumizire pamodzi ndi muyeso wa kutambalala ndi chithunzi cha misomali ya chogwirira choyeracho. Ndikatero nditha kuchepetsa zaka zija za 1901 mpaka 1952, ndi kukuuzani ngati mtengowo ndi wa Böker. Chiphaso cha ku Joni musachisiyanitse ndi la Rodgers, muchiike mu envulopu yakeyake kuti mafuta asachidetse. Ndipo ngati azakhali kapena mlongo wawo wa agogo alipo, pitani Lamlungu likubwerali ndi kope, muwafunse chaka chimene agogo anapita, mgodi umene ankagwira, ndi amene ankawameta kumbuyo kwa khosi. Mulembe tsiku ndi dzina la amene wakuuzani, pepalalo mulipinde muliike m'thiranki momwemo.